Ndinapita kuchipatala ndisanatenge pathupi

M'zipatala zambiri za m'mayiko osauka muli khomo la sikelo, la kulera ndi la odwala, koma khomo la mayi amene akufuna kudzatenga pathupi chaka chamawa simulipeza. N'chifukwa chake amayi ambiri sadziwa n'komwe kuti chisamaliro chotere chilipo. Chilipo ndithu, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachikambirana ku Geneva mu 2012, kungoti chinamwazikana m'zipinda zosiyanasiyana, moti mayi amachita kutolera yekha. Ine ndinatolera motere.

Ndinalowera ku chipinda cha kulera, popeza ndinali pa jakisoni wa miyezi itatu. Nditanena kuti ndikufuna mwana wina, anamwino anati, "Ndiye mungosiya jakisoniyo mayi, mudzabwere kusikelo mukaima." Sanalankhule mwachipongwe ayi, ndi mmene anazolowerera. Ndinawapempha kuti andiyeze ndisanaime, ndipo apa m'pamene anatsegula buku langa la kuchipatala. Choyamba anafunsa msinkhu wa mwana wanga, chifukwa malangizo a WHO ndi akuti mayi adikire miyezi 24 chibadwire mwana asanatengenso pathupi, kapena miyezi 6 ngati anapita padera. Anandichenjezanso kuti ukasiya jakisoni mimba imatha kuchedwa miyezi ingapo, ena mpaka chaka, choncho ndisade nkhawa. Kuchedwa kumeneku ine ndinakuona ngati mpata wokonzekera.

Chimene ndinadzera kwenikweni ndi mapiritsi a folic acid, mtundu wina wa vitamini. Ubongo ndi mtsempha wa mumsana wa mwana zimayamba ngati kangalande kotseguka, kamene kamatsekeka pofika masiku 28 chitengereni pathupi. Nthawi imeneyo mayi amakhala akungodabwa kuti msambo wachedwa. Kangalandeko kakapanda kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi msana wotseguka, miyendo n'kukhala yopuwala, kapena amabadwa ubongo usanakwanire ndipo sakhala moyo. Kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anapeza kuti mwa amayi amene anaberekapo mwana wa vutoli, folic acid anachepetsa kubwereranso kwake ndi 72 peresenti. Tsono taganizani: mayi akayamba sikelo mimba ili ndi miyezi inayi kapena isanu, monga zimachitikira kawirikawiri, piritsi limamupeza msana wa mwana utatha kale kupangika. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa mankhwala ake ndi otchipa ndipo amakhala m'kabati ya chipatala chomwecho.

Mlingo wake ndi mamiligalamu 0.4 tsiku lililonse, kuyambira usanaime mpaka mimba itakwana masabata 12. Anamwino anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi omwe aja amapereka kusikelo, popeza muli ayironi ndi folic acid pamodzi. Anandiuza kuti chimbudzi chidzada ndipo mwina ndidzamva nseru, ndiye ndizimwa ndikatha kudya madzulo. Amene anaberekapo mwana wa msana wotseguka, kapena ali ndi shuga, kapena akumwa mankhwala a khunyu, amafunika mlingo waukulu, ndipo umenewo amalemba ndi adokotala.

Kenako ndinapita kokayezetsa magazi. Kwa mayi wosayembekezera, mlingo wa magazi (Hb) ukatsika pansi pa 12 ndiye kuti magaziwo ndi ochepa. Anga anali atatsika pang'ono, ngakhale ndinkadzimva wamphamvu, ndipo ndi bwino kuti zinadziwika mwana asanayambe kugawana nane magaziwo. Anandiyezanso HIV, chindoko, shuga ndi BP. Chindoko chimatha kukhala m'thupi osaonetsa chizindikiro chilichonse, koma chimachititsa kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, pamene jakisoni wa penicillin amachiza. Mayi amene ali pa ma ARV ayezetse kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, chifukwa kakachepa kwambiri, mwayi wopatsira mwana kapena mwamuna umatsikiratu.

Pali funso limene adokotala anandifunsa, lomwe ndikufuna mayi aliyense alidziwe: "Mukumwa mankhwala anji masiku onse?" Ine ndinalibe, koma anandifotokozera chifukwa chofunsira. Mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate amatha kulumaza mwana m'mimba, ndipo a BP monga enalapril ndi captopril sayenera mayi woyembekezera. Njira yake si kusiya wekha, poti kukomoka kapena BP yokwera n'zoopsanso. Tengani mabotolo ndi timapepala tonse ta mankhwala anu, adokotala awaone n'kusintha nthawi ikadalipo.

Za katemera sizinatenge nthawi. Anaona wa kafumbata m'buku, n'kufunsa za rubella, matenda ofanana ndi chikuku. Wa rubella sabaya mayi woyembekezera, ndipo ukabayitsa umadikira mwezi umodzi usanatenge pathupi.

Chovuta chinali kubwera ndi bambo a kunyumba. Iwo ankaona ngati kuchipatala amapita wodwala. Ndinawauza kuti ine ndikachira chindoko iwo osalandira mankhwala, adzandipatsiranso, ndiponso kuti matenda a magazi otchedwa sickle cell amachokera mbali zonse ziwiri: makolo onse akakhala ndi mbewu yake, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Anavomera, ndipo atafika adokotala anawalankhulanso za fodya ndi mowa, zimene ine ndikanena sankazimva.

Si chipatala chilichonse chimene chili ndi zoyezera zonsezi. Chimene kulibe, pemphani akulembereni kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, ndipo zotsatira zonse zilembedwe m'buku limodzi. Ndikudziwanso kuti pafupifupi theka la mimba zonse padziko lapansi zimabwera mosakonzekera, malinga ndi lipoti la 2022 la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu ndi uchembere. Choncho ngati simukulera ndipo muli ndi mwamuna, musadikire tsiku loti mugwirizane za mwana: pemphani folic acid ulendo uliwonse umene mwapita kuchipatala, ngakhale mwapitira sikelo ya mwana.

Msambo wanga utadumpha ndinayezetsa mkodzo, ndipo ndinayamba sikelo masabata 12 asanakwane. Azamba atatsegula buku anapeza magazi atakwera, BP ili bwino, zotsatira za ine ndi za bambo zili pa tsamba limodzi, ndipo anangondiwonjezera mapiritsi n'kundilembera tsiku lobweranso.