Mwana wa mlimi wa fodya anagwa ndi fodya ku Charsadda

Popeza kavidiyo kaja kafika kale pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo wina mwa inu wakaikira nyimbo ya pamaliro, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde, amene wakumbatira mtengo uja ndine. Ayi, sindinaledzere. Mowa ku Charsadda mungaupeze kuti?

Mukudziwa kale kuti mnzanga amene timagulitsa naye mafoni ku Fordsburg, kuno ku Johannesburg, anandiitanira ku ukwati wake kwawo ku Charsadda, ku Pakistan. Chimene simukudziwa ndi lamulo limene anandipatsa m'galimoto titangochoka ku Peshawar, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Anati: "Achimwene, kwathu mlendo sakana chinthu. Ukakana wanyoza nyumba yonse." Mwambo wochereza alendowu amautcha melmastia. Ine ndinausunga ngati malamulo khumi.

Ndiye ndinadya, abale anga. Tiyi wamkaka, tiyi wobiriwira, nyama yogaya yokazinga yotambalala ngati chikhatho imene amati chapli kebab, mpunga, ndi maswiti otchuka a ku Rajjar opangidwa ndi shuga wosayeretsa wa nzimbe. M'Chipashito, chilankhulo chawo, mawu othokoza ndi "manana", koma anthu ake samanana kanthu. Ndinasangalala kumva kuti "bas" kwawo ndi "basi" wathu yemweyu. Ndinamunena kokwana kakhumi. Anamva bwinobwino, nawonjezera mpunga.

Tsiku lachiwiri madzulo tinali mu hujra, nyumba imene amuna a m'mudzi amachezeramo ndi kulandiriramo alendo, tingoti mphala ya akuluakulu. Nsapato zonse pakhomo, ife pa kapeti. Pakati panakhala amalume a mkwati, tcheyamani wa khonsolo ya mudzi, wochita kusankhidwa ndi mavoti. Ofesi yawo ndi imene imalemba ana obadwa, maukwati ndi imfa, komanso anthu amakadandaulako za ngalande ndi timisewu ta m'mudzi. Pamwamba pawo pali zigawo za boma zimene amati tehsil, ndipo mayina amene ndinagwira ndi Charsadda, Tangi ndi Shabqadar. Pamwamba penipeni pali DC. Eee, Bwana DC yemweyo, Angelezi anawasiyira monga anatisiyira ife. Boma la Charsadda linaima palokha mu 1988, kale linali pansi pa Peshawar. Koma mlandu wa malire a munda kapena wa mabanja awiri nthawi zambiri umathera pa jirga, bwalo la akuluakulu.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipereka. Nditamva kuti kumeneko amalimanso fodya, ndinatukula chifuwa. Ndinawauza kuti ine ndine wa ku Kasungu, fodya ndinabadwiramo, ndinasoka masamba ndisanadziwe kulemba dzina langa, sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za ku okushoni ku Kanengo. Mnzanga ankamasulira, ndipo ndikukayika kuti anawonjezerako.

Agogo ena a ndevu zoyera, amene aliyense ankawaitana kuti Kaka, anagwedeza mutu mokhutira. Anapisa m'thumba natulutsa kachitini kokhala ndi kagalasi pachivundikiro. M'katimo munali zinthu zobiriwira, zofewa, zooneka ngati chigwada chosinja bwino. Anandilozetsa.

Tsopano ndiweruzeni mwachilungamo. Masiku awiri chilichonse chimene anandilozetsa chinali chakudya. Palibe anandiuza kuti iyi ndi naswar, fodya wosinja wosakaniza ndi phulusa ndi laimu, amene munthu amatsina pang'ono, n'kuika kuseri kwa mlomo, kenako n'kulavula. Mnzanga nthawi imeneyo anali atatembenuka kuyankha foni. Ine, pofuna kusonyeza kuti kwathu tinaleredwa, ndinatapa mbamu. Ndinaiumba bwinobwino m'manja ngati ya nsima. Ndinaponya m'kamwa, ndinatafuna kawiri, ndinameza. Ndinatinso "manana".

Chipinda chonse chinati zii. Kaka anayang'ana m'kachitini, anayang'ana ine, anayang'ananso m'kachitini. Kenako, mwina poganiza kuti anthu a ku Kasungu amatero, anayamba kundiphunzitsa mbiri ya kwawo.

Anati mzinda uno kale unkatchedwa Pushkalavati, mzinda wa maluwa a m'madzi, ndipo unali likulu la dziko la Gandhara. Chitunda chachikulu cha Bala Hisar ndi mabwinja ake. Apa ntchintchi inandigwira, ya mphamvu yoti mapewa ankadumpha okha. Anati asilikali a Alexander Wamkulu anafika kuno zaka zoposa 2,300 zapitazo, anazinga mzindawu masiku 30 usanagonje. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Iwo anapirira masiku 30, ine pa mphindi yachitatu makoma anga anali atayamba kale kugwa. Thukuta linatuluka m'malo amene sindinkadziwa kuti mumatuluka thukuta. Makutu analira ngati transifoma.

Kenako anafika pa Hashtnagar, kutanthauza midzi 8, ndipo anaona kuti n'kofunika kunditchulira umodziumodzi, akuwerenga ndi zala. Charsadda. Kapeti inasuntha pang'ono. Prang. Inasunthanso, ulendo uno kubwerera. Rajjar. Maswiti a ku Rajjar amene ndinadya masana anamva dzina la kwawo, anadzuka. Utmanzai. Pamenepa Kaka anaima kaye, naloza chithunzi cha pakhoma: Khan Abdul Ghaffar Khan, amene amamutcha Bacha Khan, wobadwira ku Utmanzai mu 1890, amene anayambitsa gulu la Khudai Khidmatgar la malaya ofiira, lolimbana ndi Angelezi popanda kumenya munthu. Nkhalamba ya pachithunzipo inandiyang'ana ndi chisoni cha munthu amene anaona zambiri m'ndende koma izi sanazionepo. Turangzai. Matcheyamani anakhala awiri, onse akumwetulira. Umarzai. Anakhala atatu. Ndinapemphera m'Chichewa, m'Chingelezi, ndi Chizulu changa cha m'matekisi. Sherpao. Kunatsala mudzi umodzi wokha, abale anga, umodzi. Ndinadziuza kuti mwana wa Kasungu, gwira mtima, ukafika ku Tangi wapulumuka.

Ku Tangi sitinafike. Tcheyamani wapakati pa atatu aja anakweza dzanja nati mlendo wathu atiuzeko za dziko lake.

Ndinaimirira. Zimenezi mundiwerengere, chifukwa ambiri a inu simukanaimirira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti Malawi ndi dziko la mtendere, koma ndinamva kuti mawu amene akubwera si amenewo. Ndinathamangira kukhomo ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndinapunthwa pa mwendo wa munthu, ndinagwada pakhomo penipeni pa mulu wa nsapato.

Charsadda imatchuka ndi nsapato zachikopa zosoka pamanja, amati chappal. Pakhomopo panali mapeyala osachepera 40. Mwa onsewo, thupi langa linasankha peyala yatsopano, yakuda, yonyezimira, imene inaikidwa payokha pambali mwaulemu. Sindinaphonye ngakhale dontho. Ndinadzaza yakumanzere, ndinapuma, ndinadzaza yakumanja. Masiku awiri a melmastia anabwerera kwa eni ake.

Za mtengo zija zinabwera pambuyo pake. Ndinaukumbatira chifukwa pabwalo ponse ndi wokhawo umene unkazungulira pang'onopang'ono. Amene anajambula ndi mphwake wa mkwati, mwana wa zaka ngati 12, ndipo mawu amene mukumva ndikubwereza si "amayi". Ndi "basi".

M'mawa mwake akuluakulu anakhala pansi mu hujra muja. Mnzanga akuti sinali jirga yeniyeni, koma ine ndinaona ndevu zokwanira. Anakambirana nthawi yaitali, ena akupukuta misozi ya kuseka ndi nsonga za nsalu zawo. Chigamulo chinali chakuti mlendo salakwa. Wolakwa ndi Kaka, popereka naswar osafotokoza, ndi mnzanga, posiya mlendo yekha chifukwa cha foni. Mwamva? Bwalo la ku Hashtnagar linandipeza wosalakwa, ndiye inu a pa WhatsApp ndinu ndani?

Kenako tcheyamani, amene tsopano anali atabwerera kukhala mmodzi, anaitanitsa kaphukusi. Nsapato zija. Zotsukidwa, zopolishidwa. Anati popeza ndinazikonda kuposa zina zonse, ndi zanga.

Mlendo sakana chinthu. Ndinati "manana".

Ndi saizi 11, ine ndimavala 8. Zili pansi pa bedi kuno ku Johannesburg. Ngati pali amene akuzifuna andiuze, fungo linatha pafupifupi lonse.