Lachitatu: foni ya amayi

Amayi anandiimbira cha m'ma 10 koloko m'mawa, mawu akunjenjemera. "Mwanangu, kodi munthu wa ku ofesi akafuna nambala yachinsinsi ija, timamupatsa?" Ndinasiya zonse zimene ndimachita n'kutuluka panja.

Nkhani yake ndi iyi. Bambo wina anawaimbira ali kudimba, n'kuwatchula dzina lawo lonse, mwaulemu ndithu. Akuti asankhidwa kuti azilandira ndalama za Mtukula Pakhomo, koma kaundula akutsekedwa lero lomwe masana. Anawafunsa nambala ya chiphaso chaunzika, amayi n'kuthamangira kunyumba kukamuwerengera. Tsiku lobadwa, anamuuza. Anafunsanso kuti mufoni mwatsala zingati, ndipo ndani anawatumizira ndalama komaliza. Atafika pa PIN m'pamene mtima unawagunda, poti ndinawauzapo kale kuti manambala anayi aja ali ngati kiyi wa kuchipinda. Anamuuza kuti ayambe afunsa mwana wawo. Bamboyo anakalipa kuti mwayi upita kwa ena, n'kudula.

Chimene chinawakopa amayi ndi dzina lija. "Nanga akanandidziwa bwanji?" Ndinawafotokozera kuti munthu akangoyamba kutumiza ndalama pa nambala yawo, dzina limatulukira pafoni asanamalize n'komwe. Wakubayo amangolemba dzinalo, basi. Mafunso enawo sanali ocheza: ndi omwe amafunsidwa munthu akamati simu yake yatayika, akufuna ina pa nambala yomweyo. Chiyambire kulembetsa masimu ndi chiphaso mu 2018, nambala ya chiphaso yasanduka chinthu chosunga ngati ndalama.

Mauthenga aja a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tinawazolowera, timangofufuta. Koma izi za kuimba n'zina. Akubawa amadziwa kuti anthu ngati amayi anakula akulemekeza aliyense wolankhula ngati wa boma, ndipo sangamudule pakamwa. Akuba ulemu wa makolo athu n'kuupanga khasu lokumbira m'thumba mwawo. Zimenezi zandiwawa tsiku lonse.

Masana ndinatuma mlongo wanga kuti awaperekeze kutauni. Atapa ndalama zonse za feteleza zinali mufoni, asintha PIN, akanenanso ku ofesi ya kampani ya foni kuti wina angayese kusintha simu yawo.

Usiku uno amayi aimbanso, akuti ndisauze anthu a kutchalitchi, akuchita manyazi. Ndawachonderera kuti Lamlungu akawauze okha amayi anzawo a mvano, chifukwa bambo uja mawa aimbira wina. Akhala chete kanthawi, kenako akuti, "Chabwino, ndikanena."