Khonde lofiira, tsiku la 9: simenti yagwira, polishi adikire

Khonde lake ndi la mamita 6 m'litali ndi 2 m'lifupi, ndipo pansi pakale pankangosungunuka fumbi lofiira pakasesedwa. Kugogoda ndi hamala kunaulula zonse: pafupifupi theka linkalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti simenti yapamwamba inali italekana ndi konkire. Malo otere sapakidwa zigamba. Zonse zinagumulidwa ndi tchizulo mpaka konkire kuonekera, ndi potsala pomwe, chifukwa polishi wa zaka zambiri ndi phula, ndipo simenti yatsopano siimata pa phula.

Pa makulidwe a mamilimita 25 panalowa matumba 3 a simenti a makilogalamu 50 ndi mawilibala 6 a mchenga wa kumtsinje, thumba limodzi pa mawilibala awiri. Thumba lachinayi linapita ku phala lomatira ndi ku utoto. Ndalama zambiri zimathera pa simenti ndi mmisiri. Mitengo ikusintha pafupipafupi, choncho werengani matumba poyamba, mtengo mukafunse tsiku logula. Ndi mmisiri pangananinso za kugumula ndi kutaya zigumu, chifukwa ambiri amatchula mtengo wa kutsira kokha.

Mchenga ndi pamene anthu amadzipweteka pofuna kupulumutsa ndalama. Wa kudambo ndi wotchipa koma uli ndi dothi, umamwa madzi ambiri ndipo ukauma umang'aluka. Uyeseni: thirani mchenga theka la botolo, dzazani madzi, khutchumulani, muusiye usiku wonse. Matope akakhala ochindikala pamwamba pa mchengawo, ubwezeni.

Konkire inanyowetsedwa dzulo lake, m'mawa n'kukhala yachinyezi koma yopanda madzi oima. Phala la simenti linakwechedwapo ndi tsache lolimba pang'onopang'ono, matope a simenti ndi mchenga n'kutsiridwa phalalo lisanaume. Likauma limasanduka cholekanitsa. Matope abwino ukawafinya m'manja amaumbika osadontha madzi. Khonde linapendekeredwa kunja, masentimita 2 pa mamita 2, kuti mvula isamaime pakhomo.

Utoto wofiira, okisaidi, usapitirire makilogalamu 5 pa thumba limodzi la simenti, apo ayi pamwamba pamafooka. Usakanizeni uli wouma mpaka mizere yotuwa ithe. Cholakwa chachikulu, chimene chinaononga khonde lakale, ndi kuwaza simenti youma pa madzi oyandama pamwamba kuti msalaze msanga. Pamawala bwino tsikulo, koma pakapita miyezi pamayamba kusupuka. Dikirani madziwo aphwe, chala chikamasiya kachidindo kochepa chabe, ndiye mugwire chipande chachitsulo.

Pulasitiki yofunditsa simenti kuti isaume msanga inakhalapo masiku 7, madzi akuthiridwa m'mawa ndi madzulo. Pakona ya kumadzulo, pamene mphepo inavundukula pulasitiki usiku wachiwiri, paoneka timing'alu tonga tsitsi ndipo mtundu watuwirako. Hamala ikulira molimba pamenepo, choncho pasiyidwa.

Polishi adikira mpaka milungu 4 ikwane. Isanakwane, kachidutswa ka pulasitiki kamatidwa pansi ndi tepi mbali zonse kwa masiku awiri. Kakapezeka ndi thukuta kunsi, ndiye kuti chinyezi chikadalipo ndipo polishi angachite mawanga oyera. Chotsala china ndi chitseko, chimene tsopano chikukhula pansi: chichotsedwe, chipalidwe mamilimita 5 kunsi.