Ndalama zitapita ku nambala yolakwika, ndinadikira pa foni ku Lizulu

Lachitatu lapitalo ndili pamsika wa Lizulu ndinatumiza pa foni K85,000 ya matumba a kachewere kwa mlimi wa ku Tsangano. Chala chinaphonya nambala imodzi yokha. Uthenga utalowa, dzina linali la munthu wosamudziwa. Ndinangoti kakasi.

Mwini nambalayo ndinamuimbira kawiri, osayankha. Ajenti amene ndimatapa kwa iye anati, "Amayi, musachedwe, imbani kukampani munthuyo asanatape."

Musanaimbe, lembani papepala nambala ya transaction imene ili mu uthenga uja, kuchuluka kwa ndalama, nthawi imene munatumiza ndi nambala yolakwikayo. Foni ikakhala kukhutu, uthenga sumawerengeka, makamaka ya mabatani ngati yangayi. Chiphaso cha unzika chikhale m'manja, ndipo batire ikhale ndi moto wokwanira.

Poyamba amayankha ndi makina: dinani apa kuti mumve m'Chichewa, dinani apo ngati nkhani ndi ya ndalama. Mvetserani mpaka pomwe akunena zolankhula ndi munthu. Ukadina pamenepo, kanyimbo kamayamba.

Kanyimboko ndi kamene kanandipweteka mtima. N'kamodzi komweko, kopanda mawu, kakulira ngati wayilesi yotha mabatire. Kakadukira pang'ono ndinkati "Halo, halo," koma anali makina omwe aja akundithokoza chifukwa chodikira, kenaka kanyimbo n'kuyambiranso. Kuchigayo ukakhala pamzere umaona zitini zimene zili patsogolo pako, umadziwa kuti zatsala zitatu. Apa palibe wokuuza kuti ndiwe wachingati. Mphindi iliyonse ndinkaona m'maganizo munthu uja ataima kwa ajenti wina akutapa ndalama zanga, mpamba wonse wa sabata imeneyo. Ogula awiri anafika pamulu wanga wa kabichi, ndinangowakodola ndi dzanja, anapitirira.

Patatha mphindi 18 ndinasuntha kuthawa phokoso la maminibasi a pa M1, netiweki n'kuduka. Zonse zinayambiranso pachiyambi. Ndiye pezeranitu malo abata pomwe netiweki ikugwira bwino, muime pomwepo, ndipo musadule nokha ngakhale mutatopa, chifukwa mukaimbanso mumabwerera kumapeto kwa mzere.

Ulendo wachiwiri, patapita mphindi 25, anayankha mnyamata waulemu. Anafunsa dzina langa, za pachiphaso ndi zonse zija ndinalemba. PIN sanafunse, ndipo wina akakufunsani PIN dziwani kuti ndi wakuba. Anati ndalamazo zinali zisanatapidwe ndipo azitsekera pomwe akufufuza. Ndinamupempha nambala ya dandaulo langa n'kuilemba papepala lomwe lija. Nambala imeneyi ndi imene mungapite nayo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira zotumizirana ndalama, ngati kampani yalephera kukuthandizani.

Ndalama zinabwerera Lachisanu m'mawa. Mlimi uja ndinamutumizira ndikuwerenga nambala yake mokweza, iye akuvomera pa foni ya ajenti.