Manja a woimba ndi manambala a MIDI

Ntchito yanga ndi yokonzera oimba zipangizo asanakwere pa nsanja, ndipo sabata yatha yonse inathera pa chida chimodzi. Mayi wina woimba kiyibodi m'gulu limene likukonzekera phwando la maimbidwe anabwera ndi controller, kiyibodi yolamulira kompyuta, ya makiyi 49, yokhala ndi ma fader 8 okankha m'mwamba ndi pansi, ma knob 8 opotokola ndi ma pad 16 omenya ndi zala, ndipo pempho lawo linali lakuti azitha kuyendetsa Ableton Live, pulogalamu yoimbira nyimbo, pa laputopu popanda kuchotsa manja pa chidacho n'kumafufuza mouse nyimbo ili mkati.

Lolemba sindinalumikize batani ndi limodzi lomwe. Ndinayamba ndatsegula kapulogalamu koonetsa mauthenga a MIDI, chilankhulo cha manambala chimene zida zoimbira zimalankhulira ndi kompyuta, n'kumagwira zonse za pa controller chimodzichimodzi ndikulemba papepala zimene chilichonse chikutumiza. Controller payokha situlutsa mawu, imangotumiza manambala motsatira dongosolo la MIDI limene Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland anatsogolera kulikhazikitsa mu 1983. Uthenga wa fader kapena knob umanyamula tchanelo, imene imakhala imodzi mwa 16, nambala ya CC yosonyeza chimene chasunthidwa, ndiponso mlingo wake woyambira pa 0 kulekezera pa 127. Manambala ena a CC ali ndi ntchito zawo kale: 1 ndi wa mod wheel, kagudumu ka pambali pa makiyi, 7 ndi wa voliyumu, 10 ndi wopititsa mawu kumanzere kapena kumanja, 64 ndi wa chopondera cha sustain chotalikitsa manotsi, ndipo zida zambiri zimamva 74 ngati lamulo lotsegula kapena kutseka filter, yomwe ndi sefa ya mawu. Pepala langa linaonetsa kuti ma knob angapo amatumiza pa manambala omwewa, kutanthauza kuti limba lililonse la mu kompyuta likanatha kumawayankha lokha tisanalipemphe. Ndinasamutsa ma fader ndi ma knob onse 16 kupita pa CC 102 mpaka 117, chifukwa dongosolo la MIDI linasiya 102 mpaka 119 opanda ntchito, pomwe 120 mpaka 127 ndi osakhudza popeza amanyamula malamulo ngati lozimitsa manotsi onse.

Lachiwiri ndi limene tinalumikiza, ndipo kulumikiza kwenikweniko ndi gawo lophweka pa ntchito yonseyi. Mu Live, khomo lililonse la MIDI lili ndi mabatani a Track, Sync ndi Remote. Track ndi amene amalola manotsi kufika ku chida choimbira, pomwe Remote ndi amene amalola controller kusuntha zinthu za pa sikirini, ndipo ambiri amene amandiimbira foni kuti chida chawo chafa amakhala atangoiwala kuyatsa Remote. Ukadina Ctrl ndi M, kapena Cmd ndi M pa Mac, chilichonse chotheka kulumikiza chimasanduka buluu. Umadina chimene ukufuna, n'kusuntha fader, basi zagwirana. Ma pad tinawalumikiza kuti aziyambitsa nyimbo. Chimene ndinachedwapo ndi malire. Voliyumu ya track, mzere wa chida chimodzi mu Live, imakwera mpaka 6 dB pamwamba pa 0, choncho ndinaika malire a fader iliyonse pa 0 dB, kuti woimba akatengeka ndi nyimbo n'kukankhira fader kumapeto, mawu asasweke.

Madzulo ake mayiwo anakhala pansi kuti ayese, ndipo dzanja lawo lamanzere litangotsikira pa C wa kumapeto kwenikweni kwa kiyibodi, nyimbo yachiwiri inayamba yokha. Anachotsa manja mwamsanga n'kundiyang'ana. "Achimwene, ine sindinakhudze pad iliyonse," anatero. Ankanena zoona. Pa kiyibodi ya makiyi 49, kiyi yotsika kwambiri imatumiza noti 36, nambala yomwe General MIDI, mgwirizano wa opanga zida, inapatsa ng'oma yaikulu, ndipo ndi pomwenso ma pad a zida zambiri amayambira. Pa chida ichi ma pad anali pa tchanelo 1 pamodzi ndi makiyi, moti Live sikanatha kusiyanitsa chala cha pa kiyi ndi chala cha pa pad. Kuonjezera apo, noti imene yalumikizidwa ku batani la pa sikirini siifikanso ku limba, choncho C ameneyo sanamveke n'komwe. Nditasamutsira ma pad ku tchanelo 16 n'kuwalumikizanso, vutolo linatha.

Lachitatu linathera pa nkhani imene ndimaiona kuti ndiyo mtima wa ntchitoyi, yomwe ndi kusagwirizana pakati pa pamene fader yaima pa chida ndi pamene mlingo wake waima mu kompyuta. Ma fader a controller iyi alibe injini yowasuntha okha, choncho nyimbo ikasintha n'kukweza voliyumu ya piyano mu pulogalamu, fader ya m'manja imatsala pansi pamene inasiyidwa. Live ili ndi njira zitatu zothetsera izi pansi pa Takeover Mode. Pa None, ukangokhudza fader mlingo umadumphira pamene fader ili, ndipo piyano imatha kuzimiririka mwadzidzidzi pamaso pa anthu. Pa Pickup, fader sigwira ntchito mpaka itafika pa mlingo wa mu kompyuta, ngati munthu wolowa m'nyimbo imene anzake ayamba kale, amene amadikira kaye kuti amve pamene afika. Pa Value Scaling, pulogalamu imayerekeza milingo iwiriyo n'kumaiyandikizitsa pang'onopang'ono pamene fader ikuyenda. Ineyo ndimakonda Pickup pa voliyumu chifukwa sichita chinthu chimene sunachilamule, koma mayiwo ataiyesa anapukusa mutu, nati fader yosayankha pa nthawi yomweyo imawachititsa kuganiza kuti chingwe chazuka, ndipo maso awo amathawira ku sikirini. Tinasankha Value Scaling, popeza manja amene adzakhale pa chidacho usikuwo ndi awo.

Ma knob analibe vuto limeneli chifukwa ndi a mtundu wozungulira mosalekeza, amene angathe kutumiza uthenga wakuti onjezera kapena chepetsa m'malo motchula mlingo weniweni. Koma opanga zida sanagwirizane njira imodzi yolembera uthengawo. Ena amatumiza 65 poonjezera ndi 63 pochepetsa, pomwe ena amatumiza 1 poonjezera ndi 127 pochepetsa. Knob yathu ya reverb, yopangitsa mawu kumveka ngati ali m'holo yaikulu, inali ya mtundu wachiwiriwu, koma pulogalamu inaitenga ngati yotchula mlingo weniweni, moti ukaipotokolera kumanzere kuti uchepetse, reverb imadzaza mpaka pa 127. Kukonza kwake kunali kusankha Relative 2's Comp pa kamzere ka m'munsi mwa sikirini, koma munthu wopanda pepala la Lolemba lija akanatha tsiku lonse akukayikira chida chabwinobwino. Filter yokha ndi imene inatisiyira dandaulo, chifukwa masitepe 128 amamveka ukamaitsegula mwapang'onopang'ono kwambiri. Pitch bend, yokweza kapena kutsitsa noti, ili ndi masitepe 16,384, ndipo MIDI 2.0, mtundu watsopano wa MIDI wa mu 2020, inaonjezera kwambiri kuposa pamenepo, koma ma knob a chida ichi sangapitirire 128, choncho ndinachepetsa malire a filter kuti masitepewo agawidwe pa kadera kokhako kamene nyimboyo imagwiritsa ntchito.

Lachinayi linali la tinthu ting'onoting'ono. Chopondera cha sustain chinkagwira chozondoka, kugwira manotsi chikasiyidwa n'kuwamasula chikapondedwa, chifukwa kiyibodi imazindikira mtundu wa chopondera pa nthawi yoyatsa ndipo phazi linali litachipondereza kale. Mayiwo anadandaulanso kuti mawu akuchedwa kutuluka, n'kumaganiza kuti wolakwa ndi MIDI, koma ngakhale pa chingwe chakale cha mapini asanu noti imodzi imadutsa pafupifupi pa milisekondi imodzi. Kuchedwako kunali kwa buffer, mulu wa tizidutswa ta mawu (ma sample) timene kompyuta imasonkhanitsa isanatulutse mawu: ma sample 512 pa 48 kHz ndi milisekondi 10.7, ndipo titatsitsa kufika pa 128, yomwe ndi 2.7, zala zawo zinakhutira.

Lachisanu gulu lonse linabwera kudzayeserera, ndipo ine ndinangokhala pambali n'kumayang'ana manja a mayiwo. Ma knob ambiri sanawakhudze, ndipo pa nyimbo ina ankafunika kukweza reverb, delay yobwereza mawu ndi filter nthawi imodzi dzanja lamanja lili pa makiyi. Ndinaika zitatuzo mu Rack, bokosi la mu Live losonkhanitsira zida, n'kuzimangirira ku Macro imodzi, knob yoyendetsa zonse pamodzi, kenako ndinamasula ma knob amene sankagwira ntchito, chifukwa pa nsanja mkono wa malaya umatha kukhudza knob mwini wake osazindikira. Popeza Live imasunga kulumikizaku mkati mwa Set, fayilo ya nyimbo imene yatsegulidwa, osati mu pulogalamu yonse, tinasonkhanitsa nyimbo zonse mu Set imodzi. Ndinamata tepi yoyera m'munsi mwa ma fader n'kulembapo mayina ndi zilembo zazikulu, ndinakopera Set ndi fayilo ya makonzedwe a controller pa ma flash awiri, ndipo woimba ng'oma wapempha kale kuti sabata ino timuikire chopondera choyambitsira nyimbo pa tchanelo yakeyake.