Zikomo nonse amene munandithandiza kumupeza Darby

Loweruka lapitali apongozi anga aamuna anakwanitsa zaka 85, ndipo tinawapatsa buku la mbiri ya banja lawo limene ndakhala ndikulimbana nalo kwa zaka zitatu. Si buku loti mungalipeze m'sitolo ayi. Ndi masamba 64, tinakasindikiza makope 12 okha pa kashopu kena kuno ku Cork, m'dziko la Ireland. Koma ndinalonjeza kuti likadzatha ndidzathokoza poyera, pakuti ena a inu mwalandirapo mafoni anga pakati pa usiku ndikudandaula za azungu amene anamwalira kalekale, oti si abale anu n'komwe.

Zinayamba mu 2022 pamene apongozi anadwala sitiroko. Poti ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndine ndinkagona kwawo masiku ambiri. Kulankhula kunkawavuta, komabe funso limodzi silinkawachoka pakamwa: kodi Darby anali ndani? Kuseri kwa nyumba imene anakuliramo kuli kamunda kamene mpaka lero anthu amati munda wa Darby. Pabanjapo ankakamba monong'ona kuti Darby anali mchimwene wa Jeremiah, bambo a agogo awo, ndipo kuti Jeremiah anamulanda malowo mwachinyengo. Nkhalamba ya zaka zoposa 80 inkachita manyazi ndi mlandu umene palibe wamoyo anauona. Ine ndinati, adadi, ndifufuza. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya milungu iwiri pa intaneti.

Oyamba kuwathokoza ndi mayi wina wogwira ntchito ku National Archives, malo osungira zikalata zakale za boma, pa Bishop Street mu Dublin, amene dzina lawo sindinafunse n'komwe. Ndinafika kumeneko nditataya kale mtima, chifukwa aliyense ankandiuza kuti zonse zinapsa. N'zoona mbali ina. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zikalata za boma ya ku Four Courts mu Dublin inaphulika n'kupsa, ndipo mawilo (zikalata zogawira chuma chamasiye) ambirimbiri akale anathera momwemo. Koma mayiwo anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kuyambira 1858 nkhani za chuma chamasiye zinachoka m'makhoti a mpingo wa Church of Ireland n'kupita m'manja mwa boma, ndipo kupatula ofesi yaikulu ya ku Dublin kunali maofesi ena 11 m'zigawo. Maofesi amenewa asanatumize wilo ku Dublin ankayamba aikopera m'mabuku awoawo. Pepala lenileni linapsa, koma zimene kalaliki wa ku Cork anakopera zilipo. Anandionetsanso mndandanda wa chaka ndi chaka umene umatchula womwalira, kumene ankakhala, ntchito yake, tsiku limene anamwalira, kuchuluka kwa chuma ndi amene anapatsidwa udindo wogawa. Jeremiah wathu tinamupeza pa mndandanda wa 1889.

Wiloyo ndi yaifupi, tsamba limodzi ndi theka. Jeremiah sankadziwa kulemba, anangojambula kamtanda pamaso pa mboni ziwiri, monga mmene agogo athu ankadindira chala. Munda anasiyira mwana wake Timothy. Mkazi wake anamusiyira chipinda chimodzi m'nyumbamo, msipu wa ng'ombe imodzi, dothi lakuda louma lija amasonkhera moto m'malo mwa nkhuni, ndi mbatatesi yokwana chaka, yomwe ija kwathu timangoti airishi. Ndinaseka ndekha m'chipinda chowerengeramo mpaka bambo wina anandiyang'ana. Kenaka panali ndalama pang'ono za mwana wamkazi, Bridget, ndi zina za munthu wolembedwa kuti Jeremiah junior. Za Darby, ngakhale liwu limodzi.

Apa ndi pamene ndinasochera, ndipo ndinasochera chaka chathunthu. M'kaundula wa malo wotchedwa Griffith's Valuation, amene anachitika pakati pa 1847 ndi 1864, munda womwewo unalembedwa m'dzina la Darby, ndipo pambali pake anawonjezerapo kadzina kena, Tim. M'mabuku a ubatizo a parishi, amene National Library, laibulale yaikulu ya dzikolo, inaika pa intaneti mu 2015, bambo wa ana a pamudzipo analembedwa kuti Dermitius, pena Demetrius, pakuti ansembe ankalemba m'Chilatini. Timothy munalibe. Munali Thaddeus wa 1851 ndi Thaddeus winanso wa 1856. Ndiye ine ndi nzeru zanga ndinajambula pakhoma la kukhitchini amuna atatu: Darby mwini munda, Dermitius bambo wa ana, ndi Jeremiah amene anatulukira kumapeto ali ndi zonse m'manja. Zinkaoneka ngati mphekesera ija inali yoona, moti ndinasiya kuwauza apongozi zimene ndapeza.

Amene anamasula mfundoyi ndi amayi anga ondibala, amene ali ku Dedza ndipo ndege sanakwerepo. Tsiku lina pa WhatsApp ndinkangowadandaulira kuti nditulutse zakukhosi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Iwe, sukulu yonse ija? Malemu bambo ako kusukulu anali ndi dzina lina, paubatizo ansembe anawapatsa lina, kumudzi ankangoti a Phiri, ine ndinkawaitana ndi dzina la mchimwene wako. Ndiye unali ndi abambo anayi?" Ndinangoti kakasi. Amayi, zikomo. Ndikudziwa kuti mng'ono wanga akuwerengerani izi, ndipo mukana kuti simunachite kanthu.

Mawa lake ndinaimbira bambo wina wachikulire wa m'kagulu kofufuza mbiri ya dera la kwawo kwa apongozi, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwowa ndiwathokoze mwapadera, chifukwa anandipatsa masana atatu a Lamlungu ndi tiyi wosawerengeka. Nditangotchula mayina atatu aja anaseka. Anati anthu a kumadzulo kwa Cork nthawi imeneyo ankalankhula Chiairishi, ndipo dzina lenileni la munthuyo, limene mayi ake ankamuitanira, linali Diarmaid. Anzake ndi olemba malo ankati Darby. Wansembe ankalipinda kuti limveke Chilatini. Pa zikalata za boma ankasankha dzina la m'Baibulo lomveka moyandikira, Jeremiah. Chimodzimodzi Tadhg amasanduka Thady, Thaddeus kapena Timothy, Donnchadh amasanduka Denis, Conchobhar amasanduka Cornelius. Si kumasulira tanthauzo, n'kungofanizira kamvekedwe, monga mmene mayina ena a kwathu anapindikira m'kamwa mwa atsamunda. Munthu anali mmodzi. Palibe analanda munda wa mnzake. Darby anausiyira mwana wake, basi.

Kadzina kaja ka Tim nakonso kanali ndi ntchito yake. M'mudzi umodzi munkapezeka amuna angapo a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, choncho olemba malo ankawonjezera dzina la bambo wa munthuyo, kapena dzina lomunyodola, kuti asasokoneze. Ndiye kuti bambo a Darby anali Tadhg. Ndipo izi zinagwirizana ndi mwambo umene mabanja ambiri ankatsata: mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la agogo a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi, wachitatu la bambo ake. Kwa atsikana, woyamba ankatenga la mayi a mayi ake, wachiwiri la mayi a bambo ake. A Thaddeus awiri aja? Woyamba anamwalira ali khanda, dzina n'kupatsidwa kwa wina wobadwa pambuyo kuti dzina la agogo lisafe. Imfa yake sinalembedwe paliponse, chifukwa boma linayamba kulemba za kubadwa ndi imfa mu 1864, ndipo maparishi ambiri a Katolika analibe buku la maliro. Tikumudziwa mwanayo chifukwa cha mzere umodzi wa ubatizo, ndipo m'buku lathu ndamupatsa tsamba lakelake. Aphunzitsi aja anandichenjeza kuti mwambo umenewu si lamulo, ndipo ndavomereza, chifukwa mwana wachitatu wa Darby sanatsate ndondomekoyi. Umakuthandiza kudziwa koyang'ana, koma pawokha si umboni.

Jeremiah junior anandipusitsanso. Ndinkati ndi mwana wake, poti masiku ano liwulo limatanthauza zimenezo. Kale linkangosiyanitsa wamkulu ndi wamng'ono mwa anthu awiri a dzina limodzi m'dera, ndipo uyu anapezeka kuti ndi mwana wa mchimwene wake. Ife amene timati achimwene kwa mwana wa bambo aang'ono sitiyenera kudabwa nazo, koma ine ndinadabwa. Liwu limene linandithandiza kwambiri ndi otherwise, limene linali pakati pa mfunda wa Jeremiah ndi mfunda wina pa dzina la mkazi wake. Pamenepo amatanthauza mfunda wa kwawo kwa mkaziyo asanakwatiwe, ndipo ndi umene unanditsegulira mbali yonse ya kuchikazi. Pa chikalata china mayi yemweyo analembedwa kuti relict, ndiye kuti mkazi wamasiye.

Zikomo kwa msuweni wa amuna anga wa ku Boston amene anatitumizira chithunzi cha manda a agogo awo olembedwa kuti Delia, ndipo sanakwiye nditawauza kuti ameneyo ndi Bridget wa mu wilo uja. Zikomo amayi a kumpingo kwathu, Amalawi anzanga a ku Cork ndi ku Dublin, amene munkanditengera ana kusukulu ndikakwera basi ya m'mamawa, ndi inu achemwali amene munandigoneka pa sofa kawiri konse. Bambo a ana anga, zikomo popirira khoma la kukhitchini lodzaza mapepala, ngakhale penti mwati ndilipira ndine.

Pa phwando paja apongozi sanalankhule zambiri. Anatsegula pa tsamba limene ndinaika mayina anayi a munthu mmodzi uja, anawaloza ndi chala cha dzanja limene likugwirabe ntchito, n'kutchula Diarmaid m'katchulidwe kamene ine lilime limandikanika. Kenaka anapempha kuti nyengo ikafunda tidzawatengere kukaona kamunda kaja, ndipo tagwirizana za mwezi wa May.

Kope limodzi likupita ku Dedza ndi mlongo wina amene akunyamuka mwezi wamawa. Amayi anena kale kuti Chingerezi sawerenga, koma alisunga, ndipo akufunsa kuti la kwathu ndiyamba liti. Kuyambira Lolemba anditumizira mauthenga a mawu 9, akutchula mayina a mbumba ya agogo awo mmodzimmodzi, ndipo wachitatu pa mndandandawo ali kale ndi mayina atatu.