Uta wa jakaranda

Mphamba wa ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare, alibe manyazi. Ankatola anapiye anga mmodzimmodzi dzuwa likuswa mtengo, ine mwini ndili pakhonde pomwepo. Amalume, amene anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, anangoti, "Kwathu mwamuna salira mphamba, amasema uta." Mawu amenewo sanandigonetse tulo.

Mtengo sunavute. Unali mwezi wa Okutobala, jakaranda atachita maluwa m'misewu yonse ya Harare, ndiye ndinati mtengo wokongola chonchi sungalephere kupha mbalame. Ndinadula nthambi yaiwisi yamfundomfundo, n'kuisenda ndi chikwanje, n'kuipala mbali zonse mpaka inachita see. Kenako ndinaiponya padenga lamalata kuti iume msanga. Nsinga yachikopa ndikanaitenga kuti m'tauni muno? Ndinadulako chingwe choyanikira zovala cha mayi eninyumba, kumapeto kokha, poti sangazindikire. Muvi unali bango lakudambo, kutsogolo msomali, kumbuyo nthenga za make anapiye yemweyo.

Amalume anautembenuza uku ndi uku, n'kuununkhiza.

"Mphwanga, uwu ndi uta kapena mthiko?"

Anakhala pansi n'kuyamba sukulu. Akuti mtengo wa uta umafunika wolimba koma wolola kupindika, monga wa mabulosi, wopanda mfundo. Umauma pamthunzi miyezi ndithu, chifukwa dzuwa limaung'amba. Kumsana kwake supalako ayi, ukadula mitsempha yakumeneko watha. Umapala kumimba kokha, pang'onopang'ono, uku ukukoka n'kumaona ngati mbali ziwirizo zikupindika mofanana. Ukatha umaupaka mafuta a nsatsi.

"Jakaranda ndi wa mthunzi basi," anatero.

"Amalume, zimenezo n'za nthawi ya Welensky," ndinayankha. Iwo sanatsutse. Anangosuntha mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa chitseko.

Posakhalitsa mdani uja anatulukira, akuzungulira pamwamba pa mpanda. Ana a m'nyumba zoyandikana anasonkhana. Ndinatanda miyendo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kukoka chingwe mpaka kukhutu.

Thyoo!

Theka lakumwamba linandipeza pamphumi penipeni, chingwe chinandikwapula khutu, ndinaona nyenyezi masana. Muvi sunapite kumwamba. Unalowera chammbali n'kukabaya chigubu cha malita 20 chimene chinali pakhomo pa khitchini. Amene amakhala kuno akudziwa: mpopi ukhoza kukhala wouma sabata yathunthu, ndipo madzi amenewo mayi aja anawadzukira m'bandakucha kukaima pamzere kumjigo.

Ndinathamanga n'kuzula muvi, komwe kunali kuwonjezera moto. Madzi anayamba kutuluka tsiii! Chala chimodzi pachiboo, dzanja lina pachotupa chimene chinkakula ndikuchimva. Ndili chigwadire choncho, mphamba anatsika mosathamanga n'komwe, n'kunyamula mwanapiye pafupi ndi phazi langa.

Mayi aja anatuluka. Anayang'ana matope, anayang'ana ine, kenako maso awo anaima pa chingwe chobiriwira chili lende pa kamtengo kothyoka.

"Achimwene, chingwe ichi ndikuchidziwa."

Amalume kuseri kwa chitseko ankangomveka kutsokomola.

Madzulo ake ndinali kumjigo ndi chigubu chatsopano chogula ndi ndalama zanga zokwerera kombi, minibasi yakuno, mphumi ili tuu. Nkhani inali itafika kale. Nditangoti ndiike chigubu pansi, mayi wina anakuwa kuchokera kutsogolo:

"Alenje, mzere ukuyambira uko!"